Tsiku limene ndinapita ku Mandala wopanda mandala

Apongozi anga aamuna atabwera kuchokera ku Ntcheu kudzationa ku Blantyre, ndinafuna kuwatsimikizira kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi mbuli, choncho ndinakonza zokawaonetsa nyumba ya Mandala, imene ndi yakale kuposa nyumba zonse zimene zidakalipo m'dziko muno. Usiku wonse ndinaloweza mbiri yake ngati mwana wa sitandade 8 wokonzekera mayeso. M'mawa mwake mkazi wanga ananena kuti magalasi anga a m'maso, amene mwendo wake umodzi ndinaumanga ndi waya, akachititsa banja manyazi, ndipo ine ndinawasiya patebulo.

Kunja zinthu zinayenda bwino, pakuti nyumba yosanja ngakhale wamaso ofooka amaiona. Ndinafotokoza ndi mawu a mphunzitsi kuti inamangidwa mu 1882, patangopita zaka 6 chikhazikitsireni mishoni ya Blantyre, ndi kuti eni ake anali a kampani ya African Lakes, imene inayambika ku Glasgow mu 1878 ndipo inkayendetsedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir. Ndinawonjezera za masitima awo a pamtsinje wa Shire ndi panyanja, za malonda a minyanga ndi nsalu amene ankati adzathetsa malonda a akapolo, komanso kuti kukamveka mphekesera za nkhondo azungu a nthawi imeneyo ankathawira pamalopa ngati m'linga. Nditanena kuti makoma ake ndi a zidina zomangidwa ndi matope osakaniza ndi udzu, apongozi anagogoda khoma, nakweza maso kuyang'ana khonde lotambalala limene lazungulira nyumbayo.

"Chasunga nyumbayi ndi khondeli, akamwini," anatero. "Chidina sichiopa zaka, chimaopa mvula."

Mfundo imeneyi munalibe m'zimene ndinaloweza, choncho ndinafulumira kulowa m'kati kuti ndikabweze ulemu wanga.

M'zipinda zapansi mumaonetsedwa zojambula ndi zosemasema, ndipo munthu wochokera padzuwa akalowamo amaona mdima kwa kanthawi. Ine ndinaona mdima weniweni. Komabe chapafupi ndi khoma ndinazindikira munthu wamfupi, wowerama pang'ono, wogwira ndodo, ndendende apongozi anga. Ndinasendera pafupi, ndinapinda manja kumbuyo monga ayenera kuchitira mkamwini woleredwa bwino, ndipo ndinayamba gawo la nkhani limene ndinkalinyadira koposa. Ndinati John Moir ankavala magalasi a m'maso amene ankanyezimira padzuwa, moti anthu anamutcha Mandala, ndipo dzinalo linafalikira kunyumbayo, kukampani yonse, kumasitolo ake ngakhalenso kudera lonse limene tinaimapo. Womvera wanga sanatsokomole, sanadule mawu, sanatchulenso za khonde, ndipo mumtima ndinati tsopano mkuluyu wagonja.

Ndinalankhula kwa mphindi zingapo ndithu. Potsiriza ndinati, "Bambo, mwina mwatopa, koma tiyeni tikwere m'mwamba mukaone laibulale ya Society of Malawi." Poona kuti sakusuntha, ndinachita chinthu chimene mkamwini sachita wamba: ndinawagwira pamkono. Mkonowo unali wozizira ndi wosalala, ndipo pamenepo panali kapepala ka mtengo wake, kolendewera pa ulusi.

Nditacheuka ndinapeza apongozi enieni ataima pakhomo, chipewa chili m'manja, pamodzi ndi alendo awiri amene mmodzi wa iwo anali atandilozetsa foni. Palibe anaseka, ndipo zimenezo n'zimene zinandipweteka kwambiri. Ndinapepesa kwa chibolibolicho, sindidziwa chifukwa chake, kenako ndinatuluka mofulumira ngati munthu woitanidwa. Khonde lomwe lija, limene lateteza zidina kwa zaka zoposa 140, ine silinanditeteze: sindinaone pamene likuthera, ndinaponda m'malere, ndipo ndinakhala pansi mwamphamvu, buluku langa la suti n'kung'ambika kumbuyo ndi phokoso limene linamveka mpaka m'mwamba.

Apongozi anatsika pang'onopang'ono, nanditambasulira ndodo yawo kuti ndidzukire, kenako anandibwereka jekete lawo kuti ndimange m'chiuno.

"Mzungu uja anavala mandala ake, nyumba yonse n'kutenga dzina lake," anatero mofatsa. "Nanga inu, akamwini, anu mwasiya kuti?"

M'minibasi pobwerera anandiuza, osandiyang'ana, kuti njinga yawo yoyamba anaigula kusitolo ya Mandala ine ndisanabadwe, ndi kuti nkhani ya magalasi ija anaimva kwa agogo awo. Anandilonjezanso kuti za tsikulo sadzauza munthu aliyense. Pa Khirisimasi titapita ku Ntcheu, ndisanatsitse n'komwe chikwama, ana a m'mudzi monse anathamangira kumseu akufuula kuti, "A Mandala afika!"