Mwana wanga wagona kunyumba

Abale, anansi, amayi anzanga a kumpingo ndi a pamsika, ndi nonse amene mwakhala mukundifunsa pano pa Facebook: mnyamata wanga uja watuluka. Anatuluka Lachinayi, atakhala pa rimandi chaka ndi miyezi inayi.

Usiku woyamba tulo sitinabwere. Cha m'ma 2 koloko ndinakasuzumira kuchipinda kwake, ndipo ndinamupeza atakhala tsonga pansi, msana kukhoma, mawondo pachifuwa, ali mtulo tofa nato. Matiresi ali pomwepo pambali pake. Kutacha anandiuza kuti kumeneko amagona choncho, amati shamba: mnzako pakati pa miyendo yako, iwenso pakati pa miyendo ya wina, mpaka kuche. Ndinathawira kuseri kwa nyumba kuti asaone misozi yanga.

Ambiri mukudziwa mmene zinayambira. Usiku wina achifwamba anakhapa ndi zikwanje bambo wa kabaza kumunsi kwa mlatho, nkumulanda njinga yamoto. Mwana wanga anadzuka 4 koloko monga mwa masiku onse, thumba paphewa, kupita kokapikula tomato ku Limbe. Anthu aukali anakumana naye panjira, nkumuyesa mmodzi wa achifwambawo. Wina anali atabwera kale ndi tayala.

Choncho woyamba kumuthokoza ndi inu bambo wapampando wa chitetezo cha m'dera. Munaima pakati, munalandira mwala pamutu umene sunali wanu, ndipo simunamusiye dzanja mpaka galimoto ya apolisi itafika. Pakadapanda inu, bwenzi ndikulemba za maliro.

Anthu aja sindiwasungira mangawa. Inenso ndimakhala momwe muno. Ndikudziwa kugona ndi mpini kumutu, ndikudziwa kuti mdima ukangogwa mwana wamkazi sitimutuma kugolosale. Tatopa nazo mbava, ndipo nzoona. Koma kwathu kuno amene amayenda mbandakucha ndi wogulitsa mandasi, mlonda woweruka kuntchito, kondakitala, wopikula ndiwo. Osauka ndi amene timabedwa, ndipo akabwera kudzasesa, osauka omwewo ndi amene timakwezedwa galimoto.

Zikomo kwa mayi uja wa paralegal, wothandiza anthu pa zamalamulo, amene amayendera akaidi. Dzina lanu sindilemba, koma Mulungu akulidziwa. Inu ndi amene munandikhazika pansi pa mtengo kunja kwa khoti nkunditsegula maso. Ine sukulu ndinalekezera sitandade 7. Sindinkadziwa kuti gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu akamangidwa azionekera kukhoti pasanathe maola 48. Sindinkadziwa kuti belo ya kupolisi ndi yaulere. Sindinkadziwa kuti ngakhale pa mlandu waukulu ngati wakupha kapena wakuba moopseza, lamulo linaika malire a masiku 90 osungira munthu mlandu wake usanayambe. Munandiuzanso za Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene anamangidwa mu 2015 akupita ku Limbe mbandakucha ngati mwana wangayu, pa mlandu wa vakabu. Iye anakamang'ala ku High Court, ndipo mu 2017 khotilo linathetsa ndime ya lamulo imene anamumangira nayo. Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba mtima utalimba, poona kuti munthu wa majumbo khoti linamumvera.

Inu munalondola fayilo imene aliyense ankati sakuiona. Munalemba dzina lake pa mndandanda pamene khoti linakakhalira kundende komweko. Loya wa boma wothandiza osauka atautenga mlanduwo, zinaoneka kuti panalibe mboni ngakhale imodzi imene inamuona pamalopo.

Pali wapolisi mmodzi wachizimayi amene tsiku lachiwiri anandilandira kontena ya phala nkukampatsa yekha, osapempha kalikonse, nkundiuza chilungamo kuti, “Mayi, pezani wokuthandizani pa zamalamulo, musadikire.” Achemwali, mukawerenga izi mudzizindikira. Zikomo.

Amayi a banki m'khonde, ndiyambire pati? Kundende chakudya ndi kamodzi patsiku, mgaiwa ndi nandolo kapena nyemba, choncho wopanda womuyendera amatha thupi ukuona. Inu munandikhululukira chiwongoladzanja miyezi itatu. Loweruka lililonse wina ankabwera ndi sopo, wina shuga wa m'kapepala, wina usipa, wina ndalama ya minibasi. Mayi oyandikana nane benchi munandigulitsira tomato masiku onse amene ndinkatandala kukhoti, ndipo ndalama inkandipeza yokwana, osasowa ngakhale K50. Achimwene anga a ku Johannesburg, munatumiza pamene inunso zinali zitakuvutani. Abusa, munakamuona kawiri, pa nthawi imene ena ankawoloka msewu akandiona.

Ndipo pali munthu mmodzi amene sindinkayembekezera. Mkazi wa malemu bambo wa kabaza aja anabwera kunyumba kwanga mwezi wachisanu, mwana kumsana. Ndinachita mantha kumutsegulira. Anakhala pamkeka nthawi yaitali osayankhula, kenako anati, “Amuna anga ankamunyamula mwana wanuyu ndi madengu ake. Ine sindikhulupirira kuti ndi iyeyo.” Mayi, inu amuna anu sadzabweranso, ndipo amene anawapha akuyendabe. Wanga wabwera. Sindikudziwa kuti ndingakuthokozeni bwanji, koma ana anu akamva njala, khomo langa mukulidziwa.

Mnyamatayu akutsokomola kwambiri, Lolemba tikupita kukayezetsa TB. Ofuna kudzamuona bwerani, koma chonde musamufunse zambiri, adzafotokoza yekha nthawi yake ikakwana.

Potuluka anabweretsa kapepala kopindapinda m'thumba la kabudula. Pali manambala a foni asanu ndi awiri, a abale a anzake amene awasiya muselo, ena abale awo sakudziwa nkomwe kuti ali kumeneko. Ndaimbapo atatu. Mayi wina wa ku Thyolo anangoti kukuwa, ankayesa mwana wake anafera ku Joni. Anayi otsalawo ndiwaimbira mawa ndikagula mayunitsi.