Ng'oma za pa nambala 7

Loweruka, 21 Okutobala 2023

Ndafika pakhomo cha m'ma 9 koloko m'mawa, ndasamba, ndatseka makatani, koma tulo takana. Ndiye ndadzuka kuti ndilembe, kapena mtima ungakhale pansi.

Nkhani yake ndi ya agogo a m'chipinda chakumapeto kuja. Dzina sinditchula, ntchito yathu yosamalira okalamba siilola. Ali ndi zaka 82, ndi mbadwa ya konkuno ku Dartford, ku England, miyendo inafooka kalekale, ndipo masiku ena sadziwa n'komwe kuti tili mwezi wanji. Dzulo madzulo mwana wawo wamkazi anabwera ndi CD ya gulu loimba la Rolling Stones, chimbale chatsopano chotchedwa Hackney Diamonds chimene chinatuluka dzulo lomwelo. Anawapeza ali m'tulo, nangoisiya pakabati. Cha m'ma 2 koloko usiku belu lawo linalira. Ndinathamanga poganiza kuti agwa, koma ndinawapeza ali tsonga pabedi, CD ili m'manja, akulimbana ndi pulasitiki yokutira.

"Mwana wanga, tandiikira ichi."

"Agogo, anzanu agonatu. Bwanji timvere kukacha?"

"Kukacha ndidzakhala nditaiwala kuti chilipo."

Pamenepo ndinasowa choyankha. Ndinatseka chitseko, n'kuika CD ija m'kawailesi kawo, mawu ali pansipansi.

Nyimbo yoyamba itangoyamba, anapendeketsa mutu ngati munthu amene akumvetsera mapazi panja. Posakhalitsa anagwedeza dzanja. "Si iyeyo. Pitiriza." Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu, yachinayi. Ine ndinayamba kuganiza kuti ndi matenda aja, kuti akufunafuna munthu amene kulibe, monga amachitira akamafunsa za akazi awo. Ndinangodinabe batani. Titafika pa nambala 7, anandigwira pamkono mwamphamvu zimene sindimadziwa kuti akadali nazo.

"Uyo! Charlie uyo."

Ndinatenga kabuku ka m'kati mwa CD n'kuyandikiza ku nyale. Zinali zoona. Pa nyimbo 12 za m'chimbalechi, Charlie Watts akuimba ng'oma pa ziwiri zokha, nambala 7 ndi nambala 8, zimene anajambula asanamwalire mu Ogasiti 2021 ali ndi zaka 80. Pa zina zonse kupatula yomaliza pali Steve Jordan, amene analowa m'malo mwake. Agogowa kabukuko sanawerenge, maso awo saona zilembo zing'onozing'ono. Munthu amene dzulo masana anandifunsa katatu kuti ndine yani anazindikira dzanja la woimba ng'oma, mayimbidwe ake okha, pasanathe ndi mphindi yomwe.

Ndinawafunsa kuti adziwa bwanji. Anatambasula manja pabulangete n'kundionetsa. Akuti Charlie akamamenya ng'oma yaing'ono yapakati ija, dzanja linalo ankalinyamula pa timbale tachitsulo, kusiya kampata. Ndiponso akuti ankabwera mochedwerako pang'ono, kutsatira gitala ya Keith Richards, pamene m'magulu ena gitala ndi imene imatsatira ng'oma. "Amayenda pambuyo pa mnzake, koma samutaya," anatero. Ine ndinamvetsera mpaka khutu kuwawa, kampatako sindinakamve. Koma ndinawakhulupirira. Amayi anga ankadziwa kuti amene akusinja kuseri kwa nyumba ndi ndani pongomva kulira kwa mtondo.

Nambala 8 tinaibwereza katatu. Pa imeneyo palinso Bill Wyman, wa gitala ya besi amene anachoka m'gululi mu 1993, ndiye agogo anati anyamata akumananso. Anyamata! Mick Jagger, woimba mawu wa gululi, anakwanitsa zaka 80 mu Julaye.

Apa ndipatuke pang'ono, chifukwa china chimene chandikwiyitsa ndi ichi. Pa nthawi yopuma ndinafotokozera mtsikana amene ndimagwira naye usiku, wa zaka 23, mwana wabwino ndithu. Anaseka n'kunena kuti madala amenewo akanangopuma, ndani amamvera chimbale chonse masiku ano, munthu umangosankha nyimbo imodzi pa Spotify basi. Iye akuwerenga masiku kudikira Lachisanu likubwerali, pa 27, pamene Taylor Swift atulutsenso chimbale chake chotchedwa 1989 chimene wachijambulanso kachiwiri kuti nyimbo zake zikhale m'manja mwake. Zimenezo ine ndilibe nazo mlandu, mkazi womenyera thukuta lake ndimamulemekeza, ndipo mwana wanga nayenso akudikira chomwecho. Koma mawu akuti "akanangopuma" anandilasa. Timawanena kawirikawiri pantchito pano, mokoma mtima, kwa anthu amene sanatipemphe kuti apume. Ndinamuuza za agogo athu a Giddes Chalamanda, kuti anali atakwana kale zaka 90 pamene anakhala pansi ndi Patience Namadingo, nyimbo yawo n'kuzungulira dziko lonse pa TikTok, mpaka ana osadziwa kumene kuli Malawi akuivina. Akanapuma, bwenzi zimenezo zitachitika? Anangoti "aa, zoona," maso ali pafoni. Sindikumuimba mlandu. Koma tiyi wanga anazizira ndisanamwe.

Chimbalecho pachokha, ndinene zoona, si nyimbo zonse zimene zinandigwira mtima. Zina ndi phokoso la magitala limene sindinakule nalo. Aitana alendo ambiri, Paul McCartney, Elton John, ndipo pa nambala 11 pali Lady Gaga ndi Stevie Wonder, nyimbo yaitali yokhala ngati ya m'tchalitchi, imene imakwera n'kukwerabe mpaka tsitsi kuima. Imeneyo ndinaikonda. Akuti chiyambire 2005 gululi linali lisanatulutse chimbale cha nyimbo zawozawo zatsopano, zaka 18 zathunthu. Dzina lake nalo agogo anandimasulira: ku London magalasi ophwanyika amene amatsala pansi mbava zikaswa windo la galimoto, ndiwo amatchedwa madayamondi a ku Hackney.

Koma yomaliza ija. Ng'oma palibe, alendo palibe. Nkhalamba ziwiri zokha, Richards gitala, Jagger mawu ndi harmonica, akuimba nyimbo ya blues ya Muddy Waters ya mu 1950, yomwe gululi linatengako dzina. Imamveka ngati ajambulira pakhonde. Agogo anatsinzina n'kuyamba kufotokoza nkhani imene aliyense kuno amaidziwa, yakuti mu Okutobala 1961 awiriwa anakumana pa siteshoni ya sitima ya Dartford, Jagger atakwapatira malekodi a Chuck Berry ndi Muddy Waters, Richards atanyamula gitala. Nyimbo za anthu akuda a ku Mississippi ndi Chicago, zobadwira m'minda ya thonje, n'kudzagwira anyamata awiri achizungu a ku Kent, chigawo chimene kuli Dartford. Patapita zaka 62 abwereranso pomwe anayambira. Nyimboyo isanathe agogo anali atagona, dzanja likadali pamkono panga.

Ine ndi pamene zinandiyamba. Ndinakhala mumdimamo ndikuganiza za abambo anga.

Abambo ankaimba besi m'kwaya ya kumpingo kwathu ku Zomba. Mawu awo ankanjenjemeretsa benchi. Anamwalira mu 2014, ine ndili kuno, mapepala anga asanalongosoke, moti maliro awo ndinalira pafoni. Charlie Watts wagona m'manda zaka 2, koma usiku wathawu analowa m'chipinda cha nkhalamba ina n'kuigwira mtima, kampata kake kali pomwepo. Abambo anga, mawu awo ali kuti? Zithunzi ndili nazo zitatu. Mawu ndilibe ngakhale amodzi. Ndinayesa kuwakumbukira mmene ankayambira nyimbo ya pa Khirisimasi, ndipo ndinapeza kuti ndikukumbukira nyimboyo, ndikukumbukira jekete lawo lotuwa, ndikukumbukira mmene ankagwedezera phewa lakumanja, koma liwu lenilenilo likundithawa. Chimene ndimamva m'mutu ndi liwu la achimwene akuwatsanzira. Zimenezi zandiopsa kuposa mmene ndingalembere.

Panali kaseti. Ndikuikumbukira bwinobwino, yakuda, yolembedwa ndi bolopeni yofiira. Munthu wina anajambula kwaya yonse pa ukwati wa azakhali, wailesi ataiika pampando kutsogolo. Tinkaimvera mpaka tepi inatafunidwa, ine ndemwe n'kuikulunganso ndi pensulo. Kenaka sindikudziwa. Mwina wina anajambulapo nyimbo zina pamwamba, mmene tinkachitira tikasowa kaseti yatsopano. Mwina ndi ine ndemwe. Ganizo limeneli ndi limene landikaniza tulo.

Pobwerera m'mawa uno ndinaima pa pulatifomu 2, pamene pali chikwangwani chabuluu chokumbukira kukumana kwa awiri aja. Ndadutsapo zaka zonsezi osaimapo. Kunali kamvula kowaza, ndipo pafoni nkhani zinali za madzi osefukira ku Scotland chifukwa cha namondwe Babet. Ndinaimbira achimwene pa WhatsApp ndili pomwepo.

"Achimwene, kaseti ya ukwati wa azakhali ija ilipo?"

"Kaseti? Chemwali, kwagwanji kumeneko?"

"Palibe chagwa. Ndangofuna kumva mawu a abambo."

Anakhala chete nthawi yaitali, ndikungomva nkhuku ndi njinga yamoto ikudutsa. Kenaka anati katundu wa abambo yense ali m'sutikesi yachitsulo kuchipinda kwa amayi, ndipo chichitikire maliro palibe anaitsekulapo, amayi safuna. Anati ayesa kuwapempha akachoka kumunda. Ananenanso kuti ngakhale ipezeke, wailesi ya kaseti aipeza kuti, ndipo chinyezi cha ku Zomba ndikuchidziwa ndekha mmene chimaonongera zinthu. Ndinati ingopezekani kaye, zinazo tiona.

Tsopano ndi 1 koloko masana. Ndikuyenera kudzuka 6 koloko, shifiti ina ikundidikira. CD ija ndinaisiya m'kawailesi momwemo, ndipo ndinalemba pakapepala "7 ndi 8" n'kumata pamwamba, kuti wa masana akawaikire ngati angafunse. Kaya afunsa. Mwina usiku uno ndikawapeza akulimbana ndi bokosi lake ngati chinthu chachilendo, tiyambirenso pa nambala 1, iwo akugwedeza dzanja, ine ndikudina batani. Ndikufuna ndikamvetsere bwino ulendo uno, mwina kampata kaja ndikakamva.

Achimwene sanayankhebe. Uthenga wanga wachiwiri wawerengedwa 11:40.