Ndinabwerera ku Jeppe patatha zaka khumi

Mwezi watha abusa athu anali kumudzi ku maliro a m'bale wawo, ndiye mawu a Lamulungu anatigawira ndi mmodzi wa akulu a mpingo, bambo a ku Ntcheu omwe amagwira ulonda wa usiku cha ku Randburg. Anabwera kutchalitchi akuchokera kuntchito komweko, maso ali psuu ndi tulo, jekete la ulonda atalipinda m'jumbo. Ife timapempherera m'holo ya sukulu ina yomwe timachita lendi, pa timipando ta ana a pulayimale. Anatsegula Luka 17, nkhani ya akhate khumi aja.

Nkhaniyi ndinayamba kuimva ku Sande sukulu kwathu ku Thyolo, ndipo ndinkayesa kuti ndinathana nayo kalekale. Khumi anachira, mmodzi yekha anabwerera kukathokoza, ana inu muzinena zikomo. Koma bambowa anaima pa liwu limodzi lokha. Anati, "Abale, wobwerera uja anali Msamariya. Yesu mwini wake anamutchula kuti mlendo. Munthu wa dziko lina, ngati ine ndi inu muno mu Joni." Kenako anatifunsa kuti asanu ndi anayi aja ankathamangira kuti. Yesu anali atawauza kuti akadzionetse kwa ansembe, ndipo pa chilamulo cha Mose wansembe ndiye ankayang'ana khungu la munthu n'kugamula kuti uyu wachira, abwerere pakati pa anthu. Popanda mawu a wansembe, wakhate ankakhalabe kunja kwa mudzi. "Ndiye anthu aja sanali oipa ayi," anatero bambowo. "Ankathamangira mapepala."

M'holo monse munangomveka "mmm". Palibe mwa ife amene sadziwa kuthamangira mapepala, kudzuka nkhuku zisanalire kukaima pamzere, kuwerenga pa zala masiku 30 amene chidindo cha pa Beitbridge chakupatsa. Zotsala za ulalikiwo sindinazimve. Mtima unali utafika kale ku Jeppestown, dera la mu Joni muno limene timangoti Jeppe.

Ndinafika ku Joni mu 2014 pa basi, ulendo wa masiku awiri kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare mpaka Beitbridge. Ndinatsikira pa Park Station ndi chikwama chimodzi, nambala ya foni ya msuweni wanga nditailemba mkati mwa chikuto cha Baibulo. Joni ndinali nditamuweruza kale ndisanamuone. Agogo anga aamuna anagwirako ku migodi kuno nthawi ya Wenela, ndipo anabwerera kumudzi pambuyo pa ngozi ya 1974, pamene ndege yonyamula anthu a ku migodi inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, a Kamuzu n'kuimitsa zotumiza anthu kuno. Anabwera ndi njinga, bokosi lachitsulo, ndi chifuwa chimene anapita nacho kumanda. Ankakonda kunena kuti Joni ndi kokatenga n'kuthawa. Ine ndinawakhulupirira. Zaka zonsezi, ndikagwada kuti ndiyamike, ndinkatchula za kumudzi zokhazokha: malata a nyumba ya amayi, fizi ya mwana wanga, matumba a feteleza. Za kuno zinkalowa m'gawo la zopempha. Ambuye nditetezeni, Ambuye ntchito isathe, Ambuye ndifike bwino kunyumba. Sindikumbuka tsiku limene ndinathokozapo Mulungu chifukwa cha munthu wa dziko lino.

Chikhalirecho munthu woteroyo analipo.

Mu Epulo 2015 ziwawa zothamangitsa alendo, zimene zinayambira ku Durban, zinafika ku Joni. Nthawi imeneyo ndinkakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ina ku Jeppe, pamodzi ndi mtsikana wina wa ku Mangochi. Nyumba yoyandikana nayo inali ya agogo ena achizulu, amasiye, omwe tinkangopatsana moni pampanda. Chizulu changa chinkathera pa moni pomwepo. Lachinayi lililonse ndinkawaona akutuluka atavala za Manyano, amayi a mpingo wa Methodist, bulauzi yofiira, siketi yakuda ndi chipewa choyera, ndipo ndinkakumbuka amayi anga ndi yunifolomu yawo ya Mvano. Koma kucheza nawo sindinayesepo. Anzanga anali atandilangiza kuti anthu akuno usamawazolowere.

Usiku umene zinthu zinafika poipa, phokoso linayambira kumsewu waukulu. Magalasi akusweka, anthu akukuwa, fungo la matayala oyaka likulowera pansi pa chitseko. Mnzanga uja anali atagonera kuntchito. Ndinazimitsa nyali n'kukhala pansi kuseri kwa bedi, pasipoti nditaimangirira m'chitenje m'chiuno. Kupemphera kunandikanika, pakamwa pankangotuluka dzina la Yesu basi. Ndiye ndinamva kugogoda pawindo, kwa chala chimodzi, pang'onopang'ono. Anali agogo aja, atafunda bulangete, tochi ili m'manja koma yozimitsa. Sanalankhule. Anandikodola, n'kundilozera pamene waya wa mpanda anali womasuka pansi. Ndinakwawa chafufumimba. Wayayo anandicheka pamkono wamanzere, ndipo chipsera chake ndikuchiona panopa pamene ndikulemba.

Ndinakhala m'nyumba mwawo masiku anayi. Pabalapo anatsukapo ndi madzi amchere n'kumanga ndi kansalu kong'amba ku pilo yakale. Anandipatsa bedi la mdzukulu wawo, kamtsikana ka zaka ngati zisanu ndi chimodzi, ikoko n'kumagona ndi agogo ake. Tinkadya nsima yawo yoyoyoka ija amati phuthu, yothira chambiko, ndipo asanayambe kudya ankandigwira dzanja n'kupemphera m'chinenero chimene sindinkachimva. Tsiku lachiwiri anyamata ena anaima pageti n'kufunsa za makwerekwere a kuseri aja, dzina lonyoza limene amatchulira alendofe. Ine ndinali kukhitchini, thupi lonse likunjenjemera. Ndinamva agogowo akuwayankha mokweza, mawu osagwedera n'komwe, ndipo m'zonse zimene ananena ndinatolamo liwu limodzi, loti mntanami, mwana wanga. Anyamata aja anachoka.

Tsiku lachisanu abwana anga a nthawi imeneyo anabwera pa galimoto kudzanditenga. Boma la Malawi linali litatumiza mabasi otenga ofuna kubwerera kwawo, ndipo ambiri omwe ndinkawadziwa anakwera. Ine ndinatsala. Mu Januwale chaka chomwecho madzi anali atasefukira kuchigawo cha kummwera, munda wa amayi utakokoloka, ndipo pakhomo ponse maso anali pa ine. Agogo aja ndinawatsanzika pageti mothamanga, galimoto ikulira. Ndinanena zikomo wa Chingerezi, wa pamlomo chabe, n'kulonjeza kuti ndibwera Lamulungu.

Sindinapite. Miyezi yoyamba dzina la Jeppe lokha linkandiuma nalo pakhosi. Kenako ndinapeza chipinda ku Cosmo City, kutali kumpoto, ntchito ya m'nyumba kuyambira Lolemba mpaka Loweruka masana, Lamulungu kutchalitchi ndi kuchapa. Chaka chitatha, manyazi analowa m'malo mwa mantha. Ndikawauza chiyani? Ndipo chaka chilichonse chinkawonjezera manyaziwo. Akulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambiwu amaunenera mwini nyumba kuti apirire mlendo, koma ine ndinausandutsa wanga, ndinakamukadi.

Chimene chinandipweteka kwambiri pa mpando wa pulayimale uja ndi ichi. Za usiku umenewo ndaperekapo umboni m'tchalitchi kangapo konse. Ndinkaimirira n'kunena kuti Mulungu anandipulumutsa m'kamwa mwa mkango, amayi n'kululutira. Silinali bodza, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira kuti ndi Mulungu amene anawadzutsa agogo aja. Koma m'maumboni onsewo iwo ankangodutsamo ngati "mayi wina wake". Amene anaika nyumba yawo ndi mdzukulu wawo pa chiswe chifukwa cha ine, ndinkawatchula m'mawu atatu n'kupitirira. Ndinkathokoza kumwamba mokweza, kwinaku ndikuzemba khomo limene thandizolo linatulukira.

Palinso china chimene chinandisintha kaperekedwe ka umboni. Pa 31 Ogasiti 2023 moto unabuka m'nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, pakati pa tauni, ndipo anthu 76 anafa, ena mwa iwo Amalawi anzathu. Anali anthu ngati ine ndemwe, obwera pa mabasi omwewo, otumiza ndalama kwa amayi awo mwezi ukatha, ndipo ambiri mwa iwo opemphera. Kuyambira pamenepo lilime langa limalemera kunena kuti ndinapulumuka chifukwa Mulungu amandikonda, ngati kuti iwowo sankawakonda. Funso loti bwanji pawindo langa panagogodedwa ndinalisiya m'manja mwa Mwini wake. Chimene chinali m'manja mwanga n'chakuti wogogodayo ndinkadziwa kumene amakhala.

Lamulungu lotsatira, titaweruka kutchalitchi, sindinapite kukachapa. Kwa mayi wina wa kwathu amene amagulitsa katundu wobwera pa mabasi ndinagula tiyi wa Chombe, makilo awiri a mpunga wa Kilombero ndi chitenje chimodzi chabwino, chobiriwira. Ndinaima pamsewu chala chili m'mwamba, takisi ya m'tauni n'kuima. Ndinatsikira pa Bree n'kukwera ina. Unali Okutobala, mitengo ya jakaranda itachita maluwa, ena atayoyokera m'misewu. Njira yonse ndinkapemphera chinthu chimodzi, choti ndiwapeze ali moyo.

Msewu ndinauzindikira msanga, koma nyumba inandisokoneza, chifukwa pamene panali waya paja anamangapo khoma. Ndinagogoda pageti ndi ndalama yachitsulo. Anatuluka mtsikana wamtali, atavala mahedifoni, n'kundiyang'ana mokayika. Chizulu tsopano ndimachilankhula, ndiye ndinamufotokozera kuti ndine Mmalawi amene ndinkakhala kuseri kuno kalekale. Anachotsa mahedifoni aja n'kunena kuti, "Ndinu amene munagona pabedi langa?"

Agogo anali pampando pafupi ndi windo, miyendo itafundidwa bulangete ngakhale kunkatentha. Matenda a shuga anawatha maso. Ndinagwada pansi monga timachitira kwathu, n'kuwapatsa moni. Anapendeketsa mutu kumvetsera. Mdzukuluyo atawauza, sanayankhe kanthu. Anatambasula manja n'kugwira nkhope yanga, kenako phewa, n'kutsetsereka ndi mkono wamanzere mpaka chala chawo chinaima pachipsera. Anakhala atagwira pamenepo nthawi yaitali ndithu.

"Mntanami," anatero. "Uli moyo."

Ine ndinali nditakonza mawu ambiri m'takisi muja, koma onse anathawa. Iwo ndiwo analankhula. Anati Lamulungu lija anaphika n'kundidikira mpaka dzuwa kulowa. Anati anafunsa kwa eni nyumba imene ndinkakhala, koma palibe amene ankadziwa kumene ndinalowera. Dzina langa analitengera ku Manyano, ndipo Lachinayi lililonse ankalitchula m'mapemphero, molitchula mwa Chizulu. Ziwawa zitabwereranso ku Jeppe ndi ku Malvern mu 2019, anakumbuka ine. Moto wa ku Marshalltown utachitika, atamva pa wailesi kuti munali Amalawi, anauza mdzukulu wawo kuti afufuze pafoni ngati dzina langa lilipo. Zaka khumi zonsezo ine ndinkaganiza kuti ngongole yanga inali ya zikomo basi. Sindinaganizepo kuti kukhala chete kwanga kunawasiyira katundu woti asenze. M'mawu awo munalibe kudandaula kulikonse, ankangofotokoza.

Ndinalira ndili chigwadire. Ndinawapepesa. Kenako ndinanena chimene ndinabwerera, poyamba m'chinenero chawo, ngiyabonga Gogo, kenako m'changa, ndikuwomba m'manja pang'onopang'ono monga anandiphunzitsira amayi anga. Zikomo agogo, munandisunga. Anandifunsa tanthauzo lake, ndipo nditawamasulira anayeserera kunena okha, "zikomo", kawiri konse, mpaka analitchula bwino.

Chitenje anachisisita ndi manja n'kufunsa mtundu wake. Nditati chobiriwira ngati minda ya tiyi ya kwathu, anafuna kuti ndiwafotokozere mindayo, ndiye ndinawauza za mizere ya tiyi yokwera ndi kutsika mapiri a ku Thyolo, za nkhungu ya chiperoni, ndi za amayi anga omwe anathyola tiyi zaka zambiri dengu lili kumsana. Mdzukulu uja anatereka madzi n'kutsegula paketi ya Chombe. Tisanamwe, agogo anandigwira dzanja ngati kale paja, koma ulendo uno anati ndipemphere ndine, ndipo ndipemphere m'Chichewa. Ndinathokoza Mulungu chifukwa cha iwo, powatchula dzina, chifukwa cha mdzukulu wawo, chifukwa cha nyumba imeneyo ndi msewu umenewo wa ku Jeppe. Aka kanali koyamba chifikireni kuti dzina la malo a mu Joni lilowe m'pemphero langa loyamika. Iwo sanamve liwu ndi limodzi lomwe kupatula la Yesu, koma paliponse pamene ndinapumira ankati ameni.

Dzuwa litapendeka ndinayenera kunyamuka, chifukwa matakisi a Lamulungu satenga nthawi kutha. Mtsikana uja anasunga nambala yanga m'foni mwake n'kundiimbira pomwepo kuti nane ndikhale ndi yake. Tinapangana za Lamulungu lachiwiri la mwezi uno, ndipo ndawalonjeza kudzawaphikira mpunga uja ndi nyemba za kwathu. Ndili pakhomo, agogo anandiitananso.

"Lachinayi likubwerali andiperekeze ku Manyano," anatero. "Ndikawauze amayi kuti mwana uja wapezeka."