Chilolezo chathu cha madzi chawonjezeredwa, dimba likupitirira

Mwezi uno talandira chilolezo chatsopano chotungira madzi mu mtsinje wa Linthipe. Tikunyadira chifukwa pepala limeneli linatsala pang'ono kutipulumuka mu 2024, chaka cha ng'amba ija ya El Niño pomwe boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Dimba lathu ndi theka la hekitala, timalima tomato, kabichi ndi anyezi, komanso timafesa mbande zogulitsa.

Lamulo la madzi la 2013, lomwe linalowa m'malo mwa la 1969, limati madzi otungira pakhomo safuna chilolezo, koma othirira mbewu zamalonda ndi pampu ayenera kukhala nacho kuchokera ku National Water Resources Authority, bungwe la boma loona za madzi. Chilolezocho chimalemba malo otungira, kuchuluka kwa madzi ndi ntchito yake. Akhoza kuchilanda mukaphwanya mfundo zimenezi, mukapanda kulipira, mukanama popempha, kapena mukangochisunga osagwiritsa ntchito madziwo. Mtsinje ukaphwa akhozanso kukuchepetserani madzi, pakuti anthu akumwa amayamba ndiwo.

Ife vuto linabwera ndi pampu. Tinaitanitsa ya mainchi 2, koma wogulitsa wina anatibweretsera ya mainchi 3 n'kulumbira kuti kusiyana kwake ndi dzina chabe. Ya mainchi 2 imakoka malita pafupifupi 30,000 pa ola, ya mainchi 3 imafika 60,000, ndiye tinkakoka madzi opyola omwe tinaloledwa. Mu Okutobala, madzi atachepa, amayi akumunsi anayamba kupeza matope pa dooko, ndipo kalata yochenjeza yochokera ku bungwe la madzi lija inatipeza. Wogulitsa uja foni yake inangoti zii. Obwereketsa ndalama omwe ankatiyamikira tomato akamapsa anati dimba si chikole. Tikuwaonabe akudutsa ndi galimoto kudzafunsa mtengo wa dengu.

Chomwe chinatipulumutsa ndi mawerengero. Kalata yotere ikabwera mumapatsidwa mpata woyankha, ndipo kulira sikuthandiza, pamafunika manambala. Tomato m'nyengo yotentha amamwa pafupifupi mamilimita 5 patsiku, kutanthauza malita 25,000 pa theka la hekitala. Kuthirira kwa m'ngalande kumataya pafupifupi theka la madzi, ena amalowa pansi, ena amauma ndi dzuwa. Choncho tinagulitsa pampu ija, tinagula yaing'ono, tinaika mathanki a malita 5,000 pa nsanja ya mamita 3, ndi mapaipi odontheza a mamilimita 16 okhala ndi timabowo pa masentimita 30 aliwonse. Sefa musaiwale, ndipo muziitsuka tsiku lililonse. Madzi a mu mtsinje amakhala ndi mchenga ndi ndere, timabowo tikatsekeka mizere ya kumapeto imafota inu mukuganiza kuti ndi matenda.

Mita ya madzi iikidwe pomwe madzi atuluka kale mu pampu, pa paipi yowongoka, kutali ndi pokhota. Ikakhala pafupi ndi chigongono madzi amazungulira ndipo imawerenga zabodza. Mpweya ukalowa chifukwa vavu ya kumtsinje yatha, mita imathamanga popanda madzi, ndiye buku lanu limaonetsa kuti mwapyola muyeso pomwe simunapyole. Timalemba nambala m'mawa ndi madzulo, malisiti a malipiro timasunga m'buku lomwelo. Sipuleya sititsukira mu mtsinje ngakhale pang'ono. Oyendera atabwera anaona zonsezi, nkhani inathera pompo.

Tikuthokoza a gulupu ndi mafumu onse omwe anatikhazika pansi ndi anzathu akumunsi mpaka tinagwirizana zopopa mbandakucha. Tikuthokoza amayi aja chifukwa anadandaula poyera m'malo modula mapaipi usiku. Zikomo kwa alangizi a zaulimi, kwa anyamata anayi omwe anapirira malipiro atachedwa, kwa mmisiri yemwe anawotcherera nsanja pangongole, kwa abusa ndi akumpingo, ndi kwa inu amayi a pamsika wa Chimbiya omwe munkagula ngakhale tomato atachepa thupi. Mulungu akudalitseni.

Mbande za tomato ndi kabichi zilipo, za masabata anayi, zokhwimitsidwa padzuwa kuti zisafote mukawokera. Ofuna zambiri aitanitsiretu mwezi umodzi. Timaikanso mapaipi odontheza ndi mita m'madimba a anzathu, ndipo tisanakuuzeni mtengo timayamba tawerenga chilolezo chanu kuti pampu igwirizane ndi madzi omwe munaloledwa. Bwerani nacho ku dimba Lachiwiri kapena Lachisanu m'mawa.