Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Makina Ojambula Mano

Gawo lapita lija ndinathera pomwe ndinasiya ntchito ya m'boma n'kutsegula kachipatala kanga ka mano ku Zomba. Zida zinali zochepa: mpando umodzi womwe unagwirapo kale ntchito kwina, compressor yopopa mpweya woyendetsa choboolera mano, autoclave yophikira zitsulo, ndi zozulira mano zomwe ndinkatolera pang'onopang'ono chimalizireni maphunziro ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe. Makina a X-ray ndinalibe, ndipo ankandisowetsa mtendere.

Dzino lomwe mumaliona munthu akaseka ndi gawo laling'ono chabe. Mbali yaikulu ili m'fupa la nsagwada. Mizu ina imapindika, ina imatambalala, ndipo ya mano akumbuyo a m'mwamba imafika pafupi ndi kamphako ka mpweya ka m'tsaya. Dzino lomaliza la m'munsi, lija limamera munthu atakula, nthawi zina limagona chopingasa pafupi ndi mtsempha wopita kumlomo. Kuzula lotere popanda chithunzi ndi kuseweretsa mlomo wa munthu. Choncho ndinkawalembera kalata kuti akajambulitse kwina. Ambiri sankabwerera. Mayi wachoka ku Jali pa kabaza, tsaya latupa, wamangira nsalu kumutu, ndalama wabwera nayo yokwanira kuzula basi. Ukamuuza kuti apite kaye kwina, amangoti "zikomo adokotala," kenaka amakagula Panado n'kubwerera kumudzi.

Munthu wina wogulitsa zida za m'zipatala anandibweretsera mabuku a zithunzi. Iye ankakankhira OPG, makina aja amazungulira mutu n'kujambula mano onse pa chithunzi chimodzi. "Madam, mukagula awa, odwala onse a inshulansi ya MASM a mu Zomba muno ndi anu, ngakhale anzanu azikutumizirani odwala." Mtima unakopeka ndithu. Ndinkawafuna makinawo, ndipo mpaka lero ndimawafuna.

Koma mtengo unali wa madola, ndipo chiwongoladzanja cha ngongole ya kubanki chinali choti sungagone nacho tulo. Panalinso zina zomwe m'mabuku muja munalibe. Makina otulutsa cheza amafuna chilolezo cha Atomic Energy Regulatory Authority, chipinda chotchingidwa bwino ndi chovala cha mtovu. Akawonongeka, kodi wokonza achokera kuti, ndipo ndani amulipirire ulendo? Magetsinso anali atatiphunzitsa zambiri. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko linataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130, ndipo kwa miyezi yambiri compressor yanga inkangokhala duu, wodwala ali pampando, dzino nditaliboola theka.

Ndinapita kwa mkulu wina amene anandiphunzitsa ntchito ndili wamng'ono. Anamvetsera osandidula, kenaka anati, "Mwana wanga, tenga buku lako la odwala. Werenga amene anafunikadi chithunzi cha kamwa lonse, uwerengenso amene anangofunika cha dzino limodzi." Ndinakhala nalo bukulo usiku, bambo akunyumba ali pambali ndi cholembera. Pafupifupi onse omwe ndinawabweza anali a dzino limodzi kapena awiri. Ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku ndi kuzula, kumata ndi kutsuka. Sindiika mawaya owongola mano, sindichita maopaleshoni a nsagwada. OPG ikanakhala yokongola pakona, koma ngongole yake akanabweza ndi mayi wa ku Jali yemweyo, chifukwa ndikanakweza mtengo wozulira kuti ndipeze ya kubanki. Apa m'pamene mtima wanga unakanira.

Tinagwirizana kuti ndigule kamakina kakang'ono kojambula dzino limodzi, kokhala ndi sensa yotumiza chithunzi pa kompyuta, kuti ndisamavutike ndi mafilimu ndi mankhwala otsukira. Zotsala zipite ku inverter ndi mabatire. Bambo akunyumba anagulitsa kapoloti kathu ka kumudzi, ine ndinawonjezera za ku banki m'khonde, ndipo ndinakapereka mapepala kubanki kuti atumize madola kwa ogulitsa.

Madola ankasowa m'dziko monse nthawi imeneyo, ndiye ndinangodikira pamzere ngati wina aliyense. Ndikadali pamzerepo, pa 9 November 2023, kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Dola yomwe inali cha pa K1,180 inafika pa K1,700. Ndalama zomwe zinkakwana makina ndi mabatire omwe tsopano sizinkakwana ngakhale makina okha, ndipo wogulitsa uja anandiimbira kuti ndisankhe msanga: ndiwonjezere, kapena apereke kwa wina wa ku Blantyre. Momwe ndinapezera zotsalazo, ndi zomwe alamu anga ananena atamva za poloti ija, ndifotokoza m'gawo lotsatira.