Momwe ndinapangira gitala yamagetsi kunyumba ndi matabwa a chitseko chakale

Gitala imene ndinasankha kutengera ndi Telecaster ya Leo Fender, yomwe inatuluka mu 1950 ndi dzina loti Broadcaster, n'kusinthidwa dzina mu 1951. Chifukwa chake n'chakuti Fender anaikonza kuti izipangidwa mosavuta: thupi ndi thabwa lafulati, khosi limapangidwa palokha n'kumangidwa ndi masikuluwu anayi. Khosi likapindika mumalimasula n'kupanga lina, thupi osalikhudza. Gitala ya kampani ya Gibson khosi lake ndi lomata ndi guluu, ndiponso limapendekeka pang'ono, choncho kwa munthu woyamba imeneyo idikire kaye.

Ndinayamba ndi matabwa. Pamsika matabwa ambiri amakhala asanaumitsitse ngakhale wogulitsa alumbire, ndipo thabwa laliwisi pa gitala ndi tsoka, chifukwa nsambo zisanu ndi imodzi zikachunidwa zimakoka ndi mphamvu yoposa makilogalamu 40 usana ndi usiku. Ine ndinagula chitseko chakale cha mbawa kwa anthu ophwasula nyumba. Mbawa ndi mtengo womwewo umene opanga magitala akunja amautcha mahogany ya ku Africa n'kumaulipirira ndalama zambiri, pamene ife timaupachika pakhomo la bafa. Thabwa loti lakhala zaka zambiri m'nyumba lasuntha kale mmene likanasunthira, komanso palibe mtengo wina wogwetsedwa. Kathabwa ka pamwamba pa khosi, pamene zala zimaponda, ndinakapeza kwa osema ziboliboli: chidutswa cha phingo, chakuda, cholimba moti pulena imachita kulira.

Zitsulo n'zimene sindikanapanga ndekha. Ma pickup awiri (otola mawu a nsambo), bridge (chitsulo chimene nsambo zimagonapo kumunsi kwa thupi), makiyi ochunira, waya wa mafret (tizitsulo topingasa pa khosi timene nsambo imakhudza mukaiponda), truss rod (kachitsulo kolowa mkati mwa khosi), ma pot awiri (topotokola tosinthira kukula ndi kamvekedwe ka mawu), switch yosankhira pickup ndi jack yolowetsapo waya wa ku amplifaya anandibweretsera ndi achimwene anga ochokera ku Johannesburg. Ndikulangizeni kuti musadule thabwa lililonse zitsulozi zisanafike m'manja mwanu. Bowo lililonse limayezedwa kuchokera pa chitsulo chenichenicho, osati pa chithunzi cha pa intaneti.

Ntchito yoyamba inali pa pepala. Ndinajambula gitala yonse mu msinkhu wake weniweni, n'kulemba mzere umodzi wowongoka pakati kuchokera kumutu mpaka kumunsi. Pa mzerewo ndinaika madontho awiri otalikirana 648 mm: lina pa nut, kafupa kamene nsambo zimadutsapo kumutu, lina pa bridge. Gitala yonse yagona pa mzere umenewu ndi mtunda umenewu. Maonekedwe a thupi mukhoza kuwasintha mmene mtima wanu wafunira, nyanga yaitali kapena yaifupi, palibe amene adzamve kusiyana kwake. Koma mzere ndi mtunda zikaphonyeka, ngakhale penti iwale chotani, chinthucho sichidzaimba bwino.

Khosi ndi limene ndinayamba kupanga, chifukwa thupi limatsatira khosi. Ndinasankha mbali ya felemu ya chitseko imene mizere ya mtengo inali yowongoka kuchokera uku mpaka uko, n'kuipala mpaka itagona bwinobwino pa galasi popanda kugwedera. Pakati pake ndinakumba ngalande ya truss rod, kachitsulo kamene kamalimbana ndi kukoka kwa nsambo. Kayenera kulowa mothina, kosagwedera, apo ayi kadzalira mkati mwa khosi nthawi iliyonse mukamenya nsambo yaikulu. Pamwamba pake ndinamatapo tepi yopyapyala kuti guluu asalowe m'mazinga ake.

Tsopano mafret. Apa ndi pamene ndinakhalitsa, ndipo mpake. Malo a fret iliyonse amapezeka pogawa utali wotsala wa nsambo ndi 17.817. Mukagawa 648 mumapeza 36.4 mm, ndiye fret yoyamba. Mukachotsa pamenepo n'kugawanso chotsalacho, yachiwiri imagwera pa 70.7 mm kuchokera pa nut, yachitatu pa 103.1, yachisanu pa 162.5, ndipo ya nambala 12 imagwera pa 324 mm ndendende, theka la nsambo. Imeneyo ndiye mboni yanu: masamu anu akapanda kufika pa 324, bwererani. Ndinalemba manambala onse 21 pa pepala, ndipo ulionse ndinkayeza kuchokera pa nut, osati kuchokera pa fret yapitayo. Mukamayeza fret ndi fret, kaphonyedwe kakang'ono ka poyamba kamanka kawunjikana mpaka kumunsi. Polemba ndinagwiritsa ntchito nsonga ya mpeni m'malo mwa pensulo, poti mzere wa pensulo ndi wonenepa kuposa mpata umene mukufuna kudula.

Mpatawo ndi wa pafupifupi 0.6 mm. Sowo wamba amatsegula kwambiri, fret n'kumangotuluka. Ndinatenga kasowo kakang'ono ka mano osalala, n'kukhula mbali zake pa mwala wonolera mpaka kadulidwe kake pa chidutswa choyesera katagwira waya wa fret mothina. Ndinakhomanso kabokosi kotsogolera sowo kuti aziyenda mopingasa ndendende, ndi kathabwa komuletsa kulowa mozama kuposa mwendo wa fret. Phingo salola changu. Mumakoka sowo pang'onopang'ono, kuuzira fumbi, kukokanso. Fumbi lakelo limayabwa m'mphuno ndi pakhungu, choncho nsalu kukamwa ndi yofunika.

Nditamata phingo pa khosi ndi makilampu onse amene ndinabwereka, ndinapala pamwamba pake kuti pakhale pozungulira pang'ono, monga magitala a Fender a masiku ano alili, ndi thabwa lokumba mkati lomatidwa sandipepala. Kumbuyo kwa khosi ndinasema ndi tupa wa matabwa, ndikuligwiragwira m'dzanja. Apa palibe nambala yoposa dzanja lanu, ndipo ichi n'chimene chimandikondweretsa pa ntchito yonseyi: khosi la m'sitolo linapangidwira aliyense, ili linapangidwira chala changa chachikulu. Chongosamala n'chakuti musaseme mpaka kufika pa ngalande ya truss rod.

Mafret ndinakhoma mu Okutobala, dala. Nthawi yotentha thabwa limakhala litafota mpaka pomaliza. Mukakhoma nthawi ya mvula, chilimwe chikafika thabwa limabwerera koma chitsulo ayi, ndipo nsonga za mafret zimatuluka m'mbali n'kumacheka zala. Waya ndinaupinda kaye kuposa kuzungulira kwa khosi, kenako kukhoma nsonga ziwiri, n'kumalizira pakati ndi hamala ya pulasitiki.

Thupi linayenda msanga. Zidutswa ziwiri za mbawa, zomatidwa pa mzere wapakati, zokhuthala 44 mm. Router, makina okumbira maenje m'thabwa, ndilibe, ndiye ndinanyamula thabwalo ndi mapatani anga a plywood kupita kwa kalipentala wina ku Mchesi. Atamva kuti dzenje la khosi likhale lakuya 16 mm osapitirira, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, mukufuna tipange wotchi kapena gitala?" Ndinawayankha kuti, "Bambo, dzenje ili lokha ndi wotchi, kwinako dulani mmene mumadulira." Anaseka, koma anayesa kaye pa chidutswa china asanakhudze thabwa langa, ndipo khosi linalowa mothina moti ndinanyamula thupi lonse pogwira khosi lokha, sikuluwu isanalowe ndi imodzi yomwe. Maenje a ma pickup ndi a mawaya amabisika pansi pa zivindikiro, kotero sanatitayitse nthawi.

Bridge sindinaiike potsatira chojambula. Ndinamanga khosi kaye, n'kugoneka rula yaitali m'mbali zake zonse ziwiri, kujambula mizere iwiri pa thupi, n'kupeza pakati pake. Kenako ndinakoka ulusi uwiri kuchokera pa nut, m'malo mwa nsambo yoyamba ndi yomaliza, kuti ndione ngati yonse ikusiya mpata wofanana m'mphepete mwa khosi. Mtunda ndinayeza kuchokera pa fret ya 12: 324 mm kufika pa kampando ka pa bridge kamene nsambo yaing'ono imagonapo, timipando tonse nditatisunthira chakutsogolo, chifukwa pochuna timabwerera m'mbuyo. Telecaster yeniyeni nsambo zake zimadutsa m'thupi, zomwe zimafuna mabowo asanu ndi limodzi owongoka bwino. Ndi choboolera cha m'manja zimenezo n'zovuta, choncho ndinagula bridge yokoleka nsambo pamwamba pomwepo.

Penti sindinathire. Mbawa ili ndi timabowo tambiri pakhungu pake, ndipo kuti penti igone bwino pamafunika zida ndi malo opanda fumbi zimene pakhonde palibe. Ndinapaka mafuta a linseed ophika kale, pang'onopang'ono, kupukuta otsala, kudikira aume, kupakanso. Mtundu unatuluka wofiirira wakuya, mabowo a misomali yakale akuonekabe, ndipo ndinawasiya choncho. Chenjezo limodzi lenileni: nsanza zonyowa ndi mafuta amenewa zikaunjikidwa zimatentha zokha mpaka kuyaka. Ziyanikeni panja chotambasula.

Zamagetsi zimaopsa anthu pachabe. Mkati mwa gitala mulibe magetsi a kukhoma. Pickup ndi maginito okulungidwa ndi kawaya ka kopa kopyapyala maulendo masauzande angapo, ndipo nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pake imabala kamphamvu kochepa kamene amplifaya imakuza. Ndisanawotcherere chilichonse ndinayeza pickup iliyonse ndi mita, zonse zinaonetsa pakati pa 6 ndi 7 kilo-ohm, kusonyeza kuti waya sunaduke mkati. Ma pot ndinaika a 250k, oyenera ma pickup a koyilo imodzi. A 500k amapita ndi ma humbucker, omwe ndi ma pickup a makoyilo awiri; pa Telecaster amatulutsa mawu obaya m'makutu. Mdani wamkulu ndi kulira kwa "mmmm" kochokera ku magetsi a m'nyumba. Ndinamata pepala la aluminiyamu m'maenje monse, n'kulumikiza kumbuyo kwa ma pot, bridge ndi mbali yakunja ya jack pa waya umodzi wa ground. Kawaya kopita pansi pa bridge n'kosavuta kuiwala, koma n'kamene kamachititsa kuti phokoso lizizima mukagwira nsambo. Nditamaliza ndinalumikiza ku amplifaya n'kugogoda pickup iliyonse ndi sikuludiraiva, kusuntha switch malo ake atatu, nsambo ndisanaike.

Gitala ikavala nsambo koyamba imamveka moipa, musataye mtima. Mafret amafunika kulinganizidwa: ndinawongola khosi ndi truss rod, kupaka inki pamwamba pa fret iliyonse, n'kukhula ndi chitsulo chafulati chomatidwa sandipepala mpaka inki itachoka ponseponse, kenako kuzunguliranso mutu wa iliyonse ndi tupa wamng'ono. Zotsatira zili ndi ndondomeko yake yosadumphika. Choyamba khosi: mukaponda nsambo pa fret yoyamba ndi yomaliza, pakati pazitsala kampata ka pafupifupi 0.25 mm. Chachiwiri kutalika kwa nsambo pa fret ya 12, ine ndinaika 2 mm ku yaikulu ndi 1.6 mm ku yaing'ono. Chachitatu mipata ya nut, yomwe ndinasema pa fupa la ng'ombe lowiritsa ndi kuumitsa, kutsitsa pang'onopang'ono chifukwa mukapitirira palibe kubweza. Pomaliza penipeni ndi pamene mumafananiza mawu a nsambo yosaponda ndi a pa fret ya 12. A pa fret ya 12 akakwera, kampando kabwerere m'mbuyo, akatsika kapite kutsogolo.

Mvula itayamba, chinyezi chinalowa m'thabwa, khosi linasuntha pang'ono ndipo nsambo zinayamba kukhudza mafret a kumutu. Ndinamasula truss rod kagawo kakang'ono, kuchepera kota ya kuzungulira, n'kuisiya usiku wonse ndisanayezenso. Muziyembekezera kuchita zimenezi nyengo ikasintha, ndipo kiyi wake asamatalikire chikwama cha gitala.