Mbale za Shigella zinatuluka zoyera Lachitatu

Lolemba ndi Lachiwiri inali ntchito ya masiku onse mu labu: masampulo a chimbudzi, kuwabzala pa XLD (chakudya chomeretsera tizilombo ta m'matumbo), kulemba m'kaundula. Magolovesi akadali osowa.

Chavuta ndi Lachitatu m'mawa. Mbale zomeretsera tizilombo zokhala ndi utoto wofiira wa Congo red, zimene tinabzalapo bakiteriya wa Shigella flexneri wochokera kwa odwala kamwazi, zinatuluka ndi makoloni (timagulu ta tizilombo tomera pa mbale) oyera okhaokha, popanda ndi kadontho kofiira komwe, pomwe Shigella yoyambitsa matenda imayenera kufiira pa mbale zoterezi. Magetsi anathima usiku, jenereta inalibe dizilo, ndipo ndi chisanu cha mu June chotsika ku phiri la Zomba, inkyubeta, bokosi lofunditsira mbalezi, inapezeka ili pa madigiri 27 m'malo mwa 37.

Anzanga, Shigella imazindikira kuti yalowa m'thupi la munthu pomva kutentha. Majini ake oyambitsa matenda ali pa plasmid yaikulu (chidutswa chapadera cha DNA m'kati mwa kachilomboka), ya ma kb (zikwi za zilembo za DNA) pafupifupi 220. Kutentha kukakhala pansi pa madigiri 32, puloteni ya H-NS imakakamira pa DNA n'kutsekereza jini ya virF, imene imadzutsa majini enawo. Kukafika 37, DNA ya pamenepo imasintha kapindikidwe, H-NS imachokapo, puloteni ya VirF imapangidwa n'kudzutsa majini a virB ndi icsA. Kenako puloteni ya VirB imatsegula majini a ipa, mxi ndi spa, amene amamanga kajakisoni kobayira maselo a m'matumbo. Kachilombo kamene katsegula zonsezi ndi kamene kamagwira utoto n'kufiira.

Choncho koloni yoyera ili ndi matanthauzo awiri. Mwina majini angotsekedwa ndi kuzizira, kapena plasmid yawonongeka kapena kutayika chifukwa chobzala mobwerezabwereza, ndipo zikatero sizibwerera. Ndi maso simungasiyanitse. Muyenera kubzalanso pa TSA (chakudya china chomeretsera tizilombo) ya Congo red 0.01%, pa madigiri 37 enieni, maola 18 mpaka 24. Tinatero Lachinayi, ndipo Lachisanu mbale zinafiira. Tikanalemba zotsatira za Lachitatu, tikananena kuti tizilombo totsegula ana m'mimba ndi magazi tilibe ululu.

Chimene chikundiwawa n'chakuti palibe akudziwa kuti inkyubeta inazizira maola angati. Themometa yosunga kutentha kotsikitsitsa ndi kokwezetsa tinaipempha kalekale, koma akuluakulu amangoti dikirani bajeti. Mufiriji momwe timasunga tizilombo mu glycerol (mankhwala otiteteza tikaumitsidwa ndi kuzizira) namonso simudziwika ngati munasungunuka.

Loweruka linatha ndi kutsuka mabotolo ndi kumata pepala pachitseko cha inkyubeta, loti wa usiku azilembapo kutentha maola awiri aliwonse.